Beseni Limodzi Silingakwanire Abakha Onse



Ulendo uno tikambirane za abakha. Ena mudabwa kuona mwalimu wa madrasa atasiya choko ndi bolodi n'kulowa m'khola, koma tangoyang'anani kuseri kwa nyumba zathu m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi, kudutsa ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota. Ndi makomo ochepa amene simungapezepo abakha akutsatana ndi nkhuku. Mlendo akafika mwadzidzidzi amatichotsa manyazi ndi abakhawa. Pa Idi timazinga omwewa. Mayi akasowa ya kuchigayo kapena ya makope a mwana, amagwira bakha mmodzi n'kupita naye kumsika. Komabe pa ziweto zonse za pakhomo, bakha ndiye amene timamuganizira mochepa pa nkhani ya chakudya. Timati ndi wolimba, amadya chilichonse, adzionera yekha. Inenso ndinkatero mpaka pamene zinandionekera.

Zimene zinachitika m'khola mwathu

Unali mwezi wa Novembala, nthawi imene kunyanja kuno ngakhale usiku munthu amagona thukuta lili kamukamu. Nditangobwera kuchokera ku Swala ya Subuhi, mayi a kunyumba anandiitanira kukhola.

"Bambo, tabwerani mudzaone izi. Kodi limeneli ndi dzira?"

M'chisa munali chinthu chooneka ngati dzira ndithu, koma chopanda chigoba. Chinangokutidwa ndi kakhungu kofewa, ukachikhudza ndi chala chimalowa m'kati. Nthawi imeneyo tinali ndi mathadzi anayi a abakha, bakha wamphongo mmodzi, tiana khumi ndi tiwiri ta masabata atatu, ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri. Onsewa ankadyera beseni limodzi: madeya othira madzi ndi makombo a nsima ya dzulo. Patapita masiku anayi, thadzi limene linaikira dzira lija linalephera kuimirira. Linkangodzikoka ndi mapiko pofuna kukafika pa madzi.

Anganga ena oyandikana nafe atabwera kudzaona anapukusa mutu. "Mwana wanga, apa pali dzanja la munthu. Bakha saikira dzira lotere popanda chifukwa." Ndinawayankha mwaulemu kuti tisafulumire kuganizira mnzathu zoipa pa chinthu chimene sitinachione, pakuti Chisilamu chimatiletsa kutero. Pa mfundo imodzi anganga aja sanalakwe: chifukwa chinalipodi, ndipo dzanja la munthu linalipo. Linali dzanja langa lomwe, limene linkathira madeya okhaokha m'beseni tsiku ndi tsiku.

Ndinakwera njinga kupita pamalo a malonda, ndipo wogulitsa zakudya za nkhuku anandipatsa thumba laling'ono la layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira mazira. Chinagwiradi ntchito. Sabata isanathe thadzi lija linayamba kuyenda, ndipo mazira a anzake analimba. Pokondwa, ndinapitiriza kuthira chakudya chomwecho m'beseni lomwe lija kuti onse apindule. Patatha masabata angapo tiana tija tinayamba kufooka, kumwa madzi mosalekeza ndi kuyenda motsimphina. Tinayi tinafa. Mlangizi wa ziweto atang'amba kamodzi anandionetsa impso zotupa, ndi zinthu zoyera ngati choko zitakuta mtima ndi chiwindi.

"A Mwalimu," anatero mlangiziyo, "poyamba munawamana amayi chimene amafuna. Tsopano mwawakakamiza ana chimene sangachikwanitse."

Chigoba cha dzira chimachokera kuti?

Chimene chinkasowa mwa thadzi lija, chimenenso chinachuluka mwa tiana tija, ndi mchere wa m'thupi wotchedwa kashiamu. Ndi womwewo umene umalimbitsa mafupa ndi mano athu. Chigoba cha dzira pafupifupi chonse, magawo 94 kapena 95 pa 100 aliwonse, ndi mwala wa laimu, wofanana ndi umene umapanga chigoba cha nkhono. M'chigoba cha dzira limodzi la nkhuku muli kashiamu wokwana magalamu awiri, ndipo dzira la bakha, pokhala lalikulupo ndi lachigoba chochindikala, silingachepere pamenepo.

Magalamu awiri akumveka ochepa, koma tiyeni tiwerengere monga timachitira ndi ana m'kalasi. Mu kilogalamu yathunthu ya chimanga muli kashiamu wosafika ngakhale theka la galamu. Kuti thadzi lipeze kashiamu wa chigoba chimodzi kuchokera m'chimanga chokha, liyenera kudya makilogalamu oposa asanu pa tsiku, pamene bakha wamkulu amadya magalamu 150 mpaka 200 basi. Madeya a chimanga, madeya a mpunga, misere, makaka ndi makombo a nsima, zonsezi zimapatsa mphamvu ndipo zimakhutitsa, koma pa kashiamu n'zosauka. Madeya ali ndi vuto linanso: ali ndi mchere wina wotchedwa fosifolasi wochuluka kuposa kashiamu, ndipo ziwirizi zikapanda kulingana thupi limavutika kugwiritsa ntchito ngakhale kashiamu wochepa amene walowayo.

Nanga thadzi lodya madeya okha limaikira bwanji mazira olimba masiku oyamba? Allah anaika nkhokwe m'thupi mwa mbalame yaikazi. Kukatsala masiku khumi kapena masabata awiri kuti iyambe kuikira, m'kati mwa mafupa ake a miyendo ndi ena mumapangika fupa lapadera lofewa, limene ntchito yake ndi kusunga kashiamu. Dzira limakhala m'chiwalo chopangira chigoba pafupifupi maola 20, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika usiku, pamene mbalame siikudya. Nthawi imeneyo thupi limatapa m'nkhokwe ija, ndipo kukacha chakudya chimayenera kubwezeretsa. Chakudya chikalephera kubwezeretsa, nkhokwe imatha, ndipo thupi limayamba kugumula mafupa enieni. Mafupa onse a nkhuku yoikira ali ndi kashiamu wokwana magalamu 20 okha kapena kuposerapo pang'ono. Bakha wathu wa kumudzi, uja wa nkhope yofiira amene m'mabuku amatchedwa Muscovy, amaikira mazira khumi mpaka khumi ndi asanu, nthawi zina kuposa, asanayambe kukhalira. Werengani nokha. Ichi ndicho chifukwa chake thadzi langa linagwa miyendo.

Zizindikiro zimayamba pang'onopang'ono. Chigoba chimapyapyala, chimakhala chokhakhala, kapena dzira limasweka mukangolitola. Kenako pamabwera dzira lopanda chigoba. Mathadzi ena amayamba kuswa ndi kudya mazira awo omwe kapena a nkhuku, ife n'kumati ndi khalidwe loipa pamene ndi njala ya kashiamu. Ena dzira limawakanirira m'mimba chifukwa minofu yokankha dzira nayonso imadalira kashiamu. Nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala imawonjezera vutoli, pakuti mbalame zimadya pang'ono ndipo kupuma kwa wefuwefu kuja kumasokoneza kapangidwe ka chigoba.

Kutayika kwake sikuthera pa mazira odya okha. Bakha wa Muscovy amakhalira mazira masiku 35, pamene abakha a mitundu ina monga Pekin ndi Khaki Campbell amakhalira masiku 28, nkhuku 21. Masabata asanu amenewo thadzi limadya pang'ono kwambiri. Likalowa pachisa mafupa ali ofooka kale, limatuluka lili mafupa okhaokha. Mazira a chigoba chopyapyala amasweka ndi kulemera kwa mayi wawo kapena amauma m'kati msanga. Komanso kamwana kamene kali m'dzira kamatenga kashiamu womangira mafupa ake kuchokera ku chigoba chomwecho. Ndiye mukamva mayi akudandaula kuti pa mazira khumi ndi anayi aswa asanu okha, musathamangire kunena kuti wamphongo ndi wokalamba. Yambani mwafunsa zimene thadzilo linkadya.

Chifukwa chake ana ndi amphongo sayenera chakudya cha oikira

Opanga zakudya za ziweto amaika kashiamu wokwana magawo atatu ndi theka mpaka anayi pa 100 aliwonse mu layers mash. Kwa thadzi loikira umenewu ndi muyeso wabwino, chifukwa m'mawa uliwonse limamutulutsa ngati chigoba. Koma kamwana ka bakha kamafuna gawo limodzi lokha pa 100, mwinanso kucheperapo, ndipo wamphongo ndi thadzi limene silikuikira amafunanso chimodzimodzi. Iwowa alibe dzira lotayirako kashiamu wotsala. Ntchito yonse yomuchotsa m'magazi imagwera impso, ndipo impso za kamwana sizichedwa kuwonongeka. Zikafooka, zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi zitosi zimaunjikana m'thupi, ndipo ndizo zoyera zija zimene mlangizi anandionetsa. Wamphongo wamkulu amapirira nthawi yaitali kuposa ana, komabe kumudyetsa layers mash chaka chonse n'kumuvutitsa, ndiponso n'kutaya ndalama, pakuti wamphongo wa Muscovy amalemera pafupifupi kawiri kuposa thadzi ndipo pabeseni sapatsa mnzake mpata.

Musandimve molakwa kuti ana safuna kashiamu. Amamufuna, ndipo akasoweratu miyendo yawo imapindika, mlomo n'kufewa. Nkhani ili pa muyeso.

Chitini cha zigoba

Njira imene mlangizi anandiphunzitsa n'njosavuta, ndipo siifuna ndalama. M'beseni la onse muziika chakudya cha kashiamu wochepa chimene aliyense angadye osavulala. Kashiamu wa oikira muzimuika payekha m'chitini kapena m'chigubu chodula, pamalo ouma m'khola, ndipo chitinicho chisamakhale chopanda kanthu. Mbalame yoikira imadziwa yokha pamene thupi lake likufuna kashiamu, ndipo imapita kukatola, makamaka madzulo. Wamphongo amangolawa kamodzi n'kuchoka. Ine poyamba sindinakhulupirire, mpaka nditakhala pampando madzulo ena pambuyo pa Swala ya Asri n'kuona mathadzi atatu oikira akusinthana pachitini, pamene lachinayi limene linkayenda ndi ana linangodutsa osayang'anako. Subhanallah.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene a kumtunda alibe, chifukwa zigoba za nkhono zili mbwee pamchenga, makamaka mwera ukaomba. Tolani zouma, zopanda kanthu m'kati, zimene mafunde ataya pamtunda. Musatume ana kukavuula nkhono zamoyo m'madzi odikha a m'bango, pakuti mitundu ina ya nkhono za m'madzi otere ndiyo imasunga tizilombo ta likodzo. Zigoba za nkhono zikuluzikulu za kumunda nazonso n'zabwino. Zitsukeni, ziwiritseni m'madzi kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ziyanikeni padzuwa, kenako zisinjeni mu mtondo.

Posinjapo pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Musasinje mpaka kukhala ufa. Tizidutswa tikhale tofanana ndi njere ya mpunga kapena ya mapira. Ufa umadutsa m'mimba msanga, dzuwa lisanalowe watha kale. Tizidutswa tokulirapo timatsalira mu nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku wonse, nthawi yeniyeni imene chigoba chikupangidwa, ndipo potero mafupa a thadzi amapuma. Tizidutswa totere timathandizanso kuti tiana tating'ono tisadye zambiri. Mukakweza chitini pa njerwa imodzi, ndiye kuti simudzadandaulanso za ana.

Chenjezo lalikulu ndi la moto. Ena amaponya zigoba pamakala kuti zisavute kusinja. Kukazinga pang'ono m'phale kulibe vuto, koma mukaziwotcha pamoto waukulu mpaka kuyera mbee ndi kumanyenyeka zokha, zimasanduka laimu wowotcha, uja amatentha akakhudzana ndi madzi. Ameneyu amapsereza kukhosi ndi m'mimba mwa mbalame. Pa chifukwa chomwechi, laimu wopaka nyumba kapena womangira asayandikire chakudya cha ziweto. Laimu wothira m'munda nayenso si yense amene ali woyenera, chifukwa wina ali ndi mchere wa magineziyamu wambiri umene umatsegula m'mimba ndi kufewetsa zigoba. Ngati mukufuna wogula, nenani momveka kuti mukufuna laimu wa chakudya cha nkhuku.

Zigoba za mazira amene mwadya musataye kudzala. Ziumitseni, zikazingeni pang'ono kuti fungo la dzira lichoke, ndipo ziphwanyeni kuti zisaonekenso ngati dzira, kuopa kuphunzitsa abakha kuswa mazira m'chisa. Koma zokhazi sizingakwanire, chifukwa thupi la mbalame silitenga kashiamu yense amene yadya. Pafupifupi theka limatuluka ndi zitosi. N'chifukwa chake thadzi limodzi loikira limafuna zigoba zosinja zokwana magalamu khumi pa tsiku, amene ndi masipuni aang'ono a tiyi awiri. Mafupa a mbuzi ndi ng'ombe zimene timazinga pa Idi ya nsembe ndi chuma chinanso chimene timasiyira agalu. Mafupa ndi osiyana ndi zigoba: mukhoza kuwawotcha mpaka atafewa, kuwasinja ndi kusunga m'chitini chotseka. Ali ndi kashiamu pamodzi ndi fosifolasi pa muyeso woyenera mafupa, choncho kadzanja kamodzi m'ndowa ya chakudya cha onse kamathandiza ngakhale ana.

Musadikire dzira loyamba. Mukaona thadzi likulowalowa m'makona kufuna poikira, kapena wamphongo wayamba kulitsatira, chitini chikhale chilipo kale, popeza nkhokwe ya m'mafupa ija imadzazidwa masabata awiri kuikira kusanayambe. Ndipo thadzi likagwa miyendo monga linachitira langa, lichotseni pakati pa anzake, liikeni pamthunzi pafupi ndi madzi, ndipo pa nthawi yokhayi sinjani zigoba kukhala ufa n'kusakaniza m'chakudya chonyowa kuti zigwire ntchito msanga. Likapanda kusintha pa masiku awiri, kapena likamakankha dzira osatuluka, itanani mlangizi wa ziweto.

Kashiamu salowa m'magazi popanda vitamini D, ndipo mbalame imapanga vitamini ameneyu ikawombedwa ndi dzuwa. Nthawi ya dzinja ambiri timatsekera abakha m'khitchini yakale kapena pansi pa nkhokwe poopa milandu ya m'minda ya anzathu. Kutsekera si kulakwa, koma pakhale kampanda kapanja koti aziwothera dzuwa la m'mawa. Tikumbukirenso kuti chiweto chotsekeredwa sichingadzifunire chakudya, ndiye udindo wonse uli pa mwini wake. M'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi amene analandira chilango chifukwa cha mphaka amene anamutsekera osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzifunire. Ana athu amaidziwa nkhaniyi pamtima. Akuluakulu timaiwala kuti ikukhudzanso abakha a m'khitchini yakale aja.

Zoika m'beseni la onse

Amene angathe kugula, growers mash ndiye woyenera gulu losakanikirana, chifukwa kashiamu wake ndi wochepa. Ambiri a ife timasakaniza tokha. Kwathu timatenga zitini zisanu ndi zitatu za madeya osakaniza ndi misere, chitini chimodzi cha soya wokazinga ndi kugayitsa, ndi chitini chimodzi cha fumbi la usipa. Soya wosakazinga musapereke, ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Fumbi la usipa, bonya ndi tinsomba tonyenyeka timene timatsala pansi pa thandala kapena m'matumba a ogulitsa, n'zotsika mtengo ndipo zili ndi zomanga thupi zambiri, pamene minga yake imapereka kashiamu amene ana ndi amphongo amafuna. Onetsetsani kuti si nsomba yothira mchere, chifukwa mchere wambiri umapha tiana, ndipo musapyole muyeso, kuopa kuti mazira ndi nyama zingamanunkhe nsomba. Pamwamba pake timaduliramo masamba: bonongwe, chisoso, kholowa, mkhwani, ndiponso chammwamba, chimene chimamera bwino kunyanja kuno ndipo masamba ake ali ndi kashiamu wochuluka kuposa masamba ambiri. Makoko a chinangwa chowawa aziyamba aviikidwa ndi kuyanikidwa mpaka kuuma, monga timachitira ndi chinangwa cha kondowole.

Tiana timafuna zomanga thupi zochuluka, magawo 20 mpaka 22 pa 100 m'masabata awiri oyamba, kenako n'kumatsika kufika pa 16 kapena 18. Choncho kwa tianati timachotsa chitini chimodzi cha madeya n'kuikapo chachiwiri cha soya. Kuti akuluakulu asatilande, mangani kampanda ka nsungwi kapena bango kokhala ndi mipata yoti kamwana kokha n'kamene kangalowe, ndipo mbale ya ana ikhale m'katimo. Chiswe, ngumbi, nyongolotsi ndi tizilombo ta nkhungu tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, zonsezi ndi ndiwo zabwino kwa iwo.

Pali kulemala kwina kwa miyendo kumene anthu amakusokoneza ndi kusowa kwa kashiamu. Tiana ta abakha timafuna vitamini wa m'gulu la B wotchedwa niacin wochuluka kuposa anapiye a nkhuku, pafupifupi kawiri. Chimanga chili naye, koma womangika mwa njira yoti thupi silingamutenge, n'chifukwa chake ngakhale anthu odalira chimanga chokha amadwala matenda a khungu otchedwa pellagra. Kamwana kosowa niacin kamakhala ndi miyendo yokhota ngati uta, mfundo zotupa, ndipo kamayenda pang'ono n'kukhala pansi. Mukakathamangira ndi zigoba mukuwonjezera vuto pa vuto. Mabuku ena amalangiza yisiti ya ofulula mowa, koma ife sitikusowa kupita kumeneko. Usipa, mtedza wabwino ndi madeya a mpunga zili ndi niacin wokwanira. Madeya a mpungawo akhale atsopano ndi opanda mankhusu ambiri, chifukwa sachedwa kuwawa.

Ndanena kuti mtedza wabwino, ndipo apa ndiimepo pang'ono. Tili ndi chizolowezi chosankha mtedza ndi chimanga, zabwino n'kusunga, zowola ndi zachuku n'kuponyera abakha. Pa mbalame zonse zoweta, tiana ta abakha ndi timene timafa msanga ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu anadziwika m'chaka cha 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wachuku wochokera ku Brazil, ndipo pambuyo pake akatswiri ankagwiritsa ntchito tiana ta abakha poyesa ngati chakudya chili ndi poizoniyu, chifukwa timaonetsa zizindikiro mwachangu. Amawononga chiwindi, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Madeya amene anatenthera m'thumba n'kuumbika mibulu, kapena onunkha chinyontho, akwirireni m'dzenje la manyowa.

Abakha amavutika kumeza chakudya cha ufa chouma, ndiye chinyowetseni pang'ono kuti chikhale chonyenyeka, osati phala. Thirani choti amalize pa mphindi makumi awiri kapena makumi atatu, m'mawa ndi madzulo, chifukwa ndi kutentha kwa kuno chotsala chimasasa tsiku lomwelo. Madzi akhale pafupi nthawi zonse pamene akudya, ndipo akhale akuya moti bakha n'kumiza mutu wonse kuti atsuke mphuno ndi maso. A tiana akhale osaya, muikemo miyala, pakuti kamwana kakanyowa thupi lonse kamazizidwa ndipo kakhoza kumira m'ndowa. Nkhuku zipatseni chomwera chawo pamalo okwera, chifukwa bakha sachedwa kusandutsa madzi kukhala matope. Mchenga ndi timiyala togayira chakudya mu nthutumba, abakha oyenda panja amatola okha, koma otsekeredwa aikireni. Zigoba sizilowa m'malo mwa timiyala, chifukwa zimasungunuka.

Bakha wanjala ndi nkhani ya jallala

Pali chifukwa china chimene ife Asilamu tiyenera kusamalira zimene abakha athu akudya. Bakha amene sakhuta pakhomo, kapena amene thupi lake likusowa kanthu, amakafuna kwina. Mumupeza m'ngalande ya kubafa, kuseri kwa chimbudzi, kapena padzala la kugombe pamene asodzi amataya matumbo a nsomba. M'fiqihi, chiweto chimene chazolowera kudya najisi chimatchedwa jallala, ndipo Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analetsa kudya nyama ndi kumwa mkaka wa chiweto chotere. Maulama a madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsata, amafotokoza kuti ndi makruhu kudya nyama yake, ndi mazira omwe, ngati fungo kapena kakomedwe kasintha chifukwa cha najisiyo. Mankhwala ake ndi kuchitsekera ndi kuchidyetsa chakudya choyera mpaka fungolo litatha. Zimanenedwa kuti Abdullah bin Umar, Allah asangalale naye, ankatsekera nkhuku yotere masiku atatu asanaizinge.

Ndiye bakha amene mwamugula kumsika osadziwa kumene ankadya, ndi bwino kumusunga masiku angapo pa madeya ndi madzi oyera musanamuzinge. Ndipo wa pakhomo panu amene mukufuna kudya mazira ake tsiku lililonse, simungamamutsekere masiku atatu pa dzira lililonse. Chofunika n'kuti akhute pakhomo, dzala likhale lokwirira, ndipo chimbudzi chikhale ndi chitseko.

Padzala la kugombe palinso imfa. Nsomba ndi nyama zowola, pamodzi ndi mphutsi zimene zimadya zowolazo, nthawi yotentha zimakhala ndi poizoni wa matenda otchedwa botulism. Bakha akamudya amafooka miyendo, kenako mapiko, kenako khosi limagwa osatha kudzutsa mutu. Poyamba zimafanana ndi za thadzi langa lija, koma kusiyana kwake n'kwakuti matendawa sasankha: amagwira amphongo, ana ndi nkhuku zomwe, kawirikawiri angapo tsiku limodzi. Kusowa kwa kashiamu kumagwetsa makamaka thadzi loikira. Matumbo a nsomba amene mwatumbula pakhomo ndi chakudya chabwino cha abakha, koma aphikeni ndi kupereka tsiku lomwelo.

Abakha ambiri amaikira m'bandakucha kapena m'mawa, choncho kwathu sititsegula khola mpaka cha m'ma 8 koloko, ana a m'mawa atayamba kale kuwerenga. Mayi a kunyumba akatola mazira amayang'ananso m'chitini cha zigoba, chimene tinachimangirira ku mzati ndi waya kuti wamphongo asachigubuduze. Mathadzi onse akamaikira, chitini cha theka la kilogalamu chimatha pasanathe masabata awiri. Chikangoleka kutsika, amadziwa kuti ena amaliza kuikira, ndipo amayamba kukonza udzu wouma wa pachisa ndi kulemba tsiku pa kalendala kuti awerenge masiku 35.